Mauna a m'dimba la malemu

Mkazi wanga atamwalira, dimba lake linagona chaka chathunthu osalimidwa. Ine sindinali munthu wa kudimba. Zaka zoposa makumi atatu ndinali telala pa Songani, pakhonde la sitolo ina. Ndinkadzuka kusanayere, n'kupalasa njinga kuchokera kuno kwa Kuntumanji, n'kumabwerako dzuwa litapendeka kale. Mpunga ndinkathandiza kuwokera ndi kumweta, chimanga cha kumtunda ndinkapalira Loweruka, koma dimba la kumunsi, kufupi ndi bango la kunyanja, linali lake yekha. Ine ndinkangoona tomato ndi mpiru zikufika pakhomo m'dengu.

Kwathu ndi kuseri kwa phiri la Zomba, ku Chingale. Kuno ndinabwera chikamwini. Pa tsiku lometa, achimwene ake a malemuyo, amene ndi eni mbumba, ananena pamaso pa anthu kuti sandisudzula, ndakalambira pamudzi pano, ana anga ndi a pano, ndikhale. Ndinathokoza, ndipo kunena zoona palibe amene anandichitapo choipa. Kungoti anthu onse amene ankadzaza khonde lathu madzulo ankabwerera iyeyo, ndipo ine ndinazindikira zimenezi iye atapita. Moni ankandipatsa ali panjira, osakhota. Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni. Wamkazi ali ku Lilongwe, amaimba foni Lamulungu masana tikaweruka kutchalitchi. Masiku enawo ndinkatha kufika pogona ndisanatsegule pakamwa, kupatula poingitsa nkhuku.

Maso nawo anayamba kundikana. Ulusi unkalowa pa singano ndikayesa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo tsiku lina ndinasokera kolala ya malaya a munthu chagada. Makina ndinabwera nawo kunyumba n'kuwafunditsa chitenje. Ndiye m'mwezi wa Juni, anthu atatha kumweta mpunga, ndinatenga khasu la malemuyo n'kutsikira kudimba, makamaka chifukwa pakhomo panali posakhalika.

Dimbalo n'laling'ono. Kumtunda kwake kuli chulu chakale chimene chiswe chinasamukamo, ndipo m'munsi mwa chulucho muli chitsime. Ukaimirira n'kuyang'ana kum'mawa umaona bango lokhalokha mpaka kutali, kenako madzi otuwa ndi phiri la pachisumbu. Dimba loyandikana nalo ndi la alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, mayi amasiye nawonso, ataliatali, osalankhulalankhula. Sindinganene kuti sitinkamwerana madzi, chifukwa sitinayambanepo. Koma kuyambira kale ankandiona ngati munthu wa kumsika amene amabwera pamudzi kudzagona, ndipo ine ndinkadziwa kuti amandiona choncho. Tikakumana pachitsime tinkapatsana moni wa mwadzuka bwanji, aliyense n'kunyamula kheni yake.

Ndinathyola udzu, ndinagalauza, ndinabzala chimanga, maungu, tomato ndi mpiru, mongoonera m'madimba a anzanga. Malo amodzi okha ndi amene sindinawakhudze. Pakona ya kufupi ndi chulu panali phale la mtsuko wosweka, lovundikirika pa timiyala titatu ngati mafuwa, ndipo mozungulira pake, malo okula ngati mphasa, pankaoneka kuti khasu silinafikepo kwa zaka zambiri. Ndinaganiza kuti mwina ndi zotsirika dimba. Zinandidabwitsa chifukwa mkazi wanga anali wopemphera, koma ndinati za akufa n'zosafunsa, n'kumangolambalala.

Mauna ndinayamba kuwaona pothirira. M'mphepete mwa mabedi, pamene dothi lake n'lamchenga ndi louma, munali timabowo tambirimbiri ngati taboola ndi msomali, kalikonse ndi kamulu kake ka dothi pambali. Dzuwa likatentha tizilombo tinkauluka chapansipansi pamenepo. Sindinatiyang'anitsitse. Kwa ine chilichonse chouluka n'kumalira chinali njuchi kapena mavu, ndipo zonsezo ndinkaziopa kuyambira ndili mwana.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye ndinafuna udzu wophimbira nazale ya tomato. Pachulu paja panali udzu wautali wouma, ndiye ndinakwera n'kuyamba kuzula ndi manja. Dzanja langa lamanja linalowa pakamwa pa una waukulu umene unabisika ndi udzuwo. Ndinamva ngati wina wandikhomera singano ya makina yotentha pa chikhatho, kenako pa chala chachikulu, kenako pamkono. Potembenuka kuti ndithawe, china chinandipeza pansi pa diso. Ndinagubuduzika kuchoka pachulupo, n'kuthamanga mpaka kunjira, chipewa ndi khasu n'kutsala komweko. Chimene chinandiluma sindinachione n'komwe.

Pofika kunyumba dzanja linali litafufuma ngati chigumu, diso litatsekeka. Ndinapaka phulusa lonyowa monga ankachitira amayi anga, n'kugona pamphasa. Masiku atatu kudimba sindinapiteko. Machesi ndinkayatsa bokosi nditalipana ndi mawondo, chifukwa zala zakumanja sizinkapindika. Mthiko sindikanatha kugwira, ndiye ndinkangokwirira mbatata paphulusa. Madzi a mumtsuko anatha tsiku lachiwiri, ndinapita kumjigo masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene kumakhala kulibe anthu, chifukwa ndinkachita manyazi ndi nkhope yanga. Palibe amene anadziwa kuti ndadwala. Nyumba ya achimwene ake a malemuyo imaonekera pakhonde langa, ndinkamva ana akusewera kumeneko ndi wailesi ikulira, koma kuti ndiitane munthu ndinkaona ngati ndiyamba kukhala katundu pamudzi pa eni. Lamulungu mwana wanga anaimba foni. Anafunsa ngati ndili bwino, ndinati ndili bwino, dimba likuyenda. Anati mawu anga akumveka ngati ndangodzuka kumene, ndinati ndi chimfine cha mwera.

Ndikaganiza tsopano, ukali umene ndinadzuka nawo tsiku lachinayi sunali wa mavu okha. Koma panthawiyo ndinkangodziwa kuti zilombo za m'dimba zandigoneka masiku atatu ndipo ndikazionetsa. M'nyumba munali botolo la mankhwala opopera tomato amene malemuyo anasiya, ndi botolo lina la palafini wa koloboyi. Ndinatenga onse awiri. Ndinafika kudimba mame asanaume, ndinasungunula mankhwala onsewo mu kheni imodzi, n'kuyamba kuyenda m'mphepete mwa mabedi. Bowo lililonse ndinkalithira, kenako n'kuliponda ndi chidendene. Ndinkaganiza kuti mauna onsewo amakumana pansi ngati a mbewa, kotero kuti ndikathira kuno afika okha kuchulu kuja, kumene ndinkaopa kuyandikirako.

Nditafika pakona paja ndinaona tizilombo takuda, tating'ono kuposa ntchentche, tikutuluka pansi pa phale. Ndinavundukula. Pansi pake panali kampopi kofiirira kotuluka m'dothi, kotalika ngati chala cha khanda, ndipo pakamwa pake tizilomboto tinali titandanda mozungulira. Mumtima ndinati likulu lake ndi lino. Ndinathyola kampopiko ndi phazi, ndinakhuthulira palafini yense m'bowomo mpaka botolo linauma, n'kupondaponda. Phale ndinaliponya m'bango. Kenako ndinakhala pansi pafupi ndi chitsime, dzanja likugunda, ndikumva ngati ndagwira ntchito yaikulu.

Alamu anafika dzuwa litakwera pang'ono, kheni kumanja. Anandiyang'ana kumaso n'kufunsa chimene chandichitikira. Ndinawafotokozera, ndipo ndinawonjezera monyadira kuti asadandaule, ndathana nazo zonse. Ananunkhiza m'mwamba. Anatula kheni, anayenda molunjika kukona kuja, n'kuima pamenepo nthawi yaitali atandifulatira. Kenako anagwada, anatola zidutswa za kampopi kaja n'kuziika pachikhatho.

"Alamu, phale lija lili kuti?"

Ndinaloza kubango.

"Izi si zimene zinakulumani. Izi ndi mpasi, tinjuchi topanda mbola. Mukanaika chala pakamwa pake tikanangokuyendani."

Ndinafunsa ngati tinjuchito tingadzuke. Anati sakudziwa, chisa chake chimakhala pansi kwambiri, mwina kuposa mkono, koma palafini wa botolo lathunthu amayenda. Sanakweze mawu. Anandigwira pa malaya n'kunditsogolera chakuchulu, tinaima patali pang'ono, n'kundilozera una uja ndinapisamo dzanja. Pakamwa pake pankauluka mavu ofiirira, aatali, miyendo ili lendelende. Anali bwinobwino. Mankhwala anga onse sanawafike ndi dontho lomwe.

Ndinkayembekeza kuti andikalipira kapena angochoka. M'malo mwake anagadabuza ndowa yawo n'kundiuza kuti ndikhalepo, iwo n'kukhala pamzere. Anati chilombo cha pansi sachidziwira kuthamanga, amachidziwira kukhala pansi. M'dimba mwawo munali mauna ngati anga aja, ndiye tinasuntha n'kukakhala m'malire. Anati ndisankhe bowo limodzi ndiliyang'ane osachotsapo maso.

Ndinayang'ana. Patapita nthawi kanatuluka kanjuchi kamodzi kaubweya, kanauluka, n'kubwerako miyendo yakumbuyo ili chikasu. Kanalowa kokha. Palibe kena kanalowa m'bowo limenelo. Alamu anati pamene pali kamulu ka dothi ndipo kolowa n'kotuluka n'kamodzimodzi, ndiye kuti kachilomboko kamakhala kokha, kalibe gulu loti kalitchinjirize, ndipo sikalimbana ndi munthu pokhapokha atakafinya. Tina mwa timeneto ndi tinjuchi toyenda m'maluwa, tina ndi timavu towonda m'chiuno tokokera mbozi m'mauna mwawo kuti ana adye. Kumene kumafunika maso, anatero, ndi pamene zilombo zambiri zikugwiritsa khomo limodzi. Zikakhala zing'onozing'ono zakuda, khomo lake lili ndi kampopi ka phula, ndi mpasi, n'zosiya. Zikakhala zofiirira zolendewera miyendo, ndi mavu, ndipo chisa chawo sichikhala pansi penipeni, chimapachikika pamuzu kapena padenga la una. Zikakhala njuchi zenizeni, za uchi wa m'ming'oma, umamva kulira kwake pansi usanazione, ndipo zimenezo munthu sathana nazo yekha, amaitana odziwa kufula.

Tikubwerera m'dimba mwanga tinaona kavu kamodzi kakuda, kowonda, kakukoka mbozi yobiriwira yaikulu kuposa iko komwe. Mboziyo inachokera pa mpiru wanga. Kanafika nayo pamalo pamene ndinaponda ndi chidendene, kanaitula, kanazungulira, kanakanda dothi pang'ono, kanabwerera kukaitenga, n'kuzunguliranso. Tinakayang'ana mpaka kanasiya mboziyo padzuwa n'kuuluka. Alamu anangondiuza kuti mawa ndilawirire kusanache bwino, ndivale jekete, ndibweretse mankhusu a mpunga ndi nsungwi yaitali.

M'mawa mwake kunali mwera wozizira zedi. Ndinawapeza atafika kale, atasonkha moto m'chidebe chobooka, pamwamba ataikapo ndowe zouma za ng'ombe. Tinathirapo mankhusu aja, utsi unatuluka woyera, wolemera. Anati kukazizira mavu amakhala ofooka, onse amakhala pachisa, ndipo tikachedwa dzuwa likawomba tikhala tikusewera ndi moto. Anadzikulunga chitenje kumutu n'kusiya maso okha, ine anandiuza kuti ndimange miyendo ya buluku ndi luzi. Ntchito yanga inali kugwira chidebe kumbali imene kukuchokera mphepo, kuti utsi uzilowa mu una.

Utsi utalowa kwa kanthawi, anapatula udzu ndi nsungwi. Chisa chinaonekera, chotuwa ngati pepala lakale, chachikulu ngati chikhatho, chitapachikika pamuzu m'kati pang'ono mwa una. Mavu anali atadzaza pamenepo, akuyenda ngati oledzera. Anachikola ndi nsonga ya nsungwi, anachikoka kamodzi, chinagwa, n'kuchikankhira m'chidebe cha moto. Ochepa anauluka n'kutengedwa ndi mphepo. Limodzi linawapeza pamkono. Anangolisasa, anatapa matope a pachitsime n'kupakapo, otsalawo n'kumata nawo pakamwa pa una kuti ena asadzamangenso. Ntchito yonse sinafike ngakhale nthawi yophikira tiyi.

Anali atabweretsa chinangwa. Anachiika pamakala otsala, tinakhala kuseri kwa chulu kobisika mphepo. Kuyambira tsiku lometa lija, kanali koyamba kuti ndidye ndi munthu. Ndinafunsa za phale, kuti analiika ndani ndipo liti.

Anatafuna kaye. Kenako anandifunsa ngati ndikukumbuka chaka chimene tinataya mwana wathu wachitatu, wa miyezi isanu. Ndinati ndingaiwale bwanji.

"Inu munabwerera kumakina patangotha sabata. Sindikukuimbani mlandu, inali nthawi yotsegulira sukulu, mayunifolomu anali mbwee. Koma mng'ono wanga anatsala. M'nyumba samatha kukhalamo, ndiye ankabwera kuno."

Anati chilimwe cha chaka chimenecho ndi pamene mkazi wanga anapeza kampopi kaja akusosa. Amayi awo anali atawaonetsapo mpasi ali ana, ndiye anazizindikira. Anthu ena akapeza mpasi amakumba, chifukwa uchi wake amati ndi mankhwala a chifuwa, koma ukakumba ndiye kuti chisa chatha. Iye anakana. Anaswa mtsuko wong'aluka n'kuvundikirapo kuti mvula isalowe ndiponso anyamata oweta ng'ombe asaone. Akamaliza kuthirira ankakhala pamenepo, miyendo atatambasula, n'kumayang'ana tizilomboto tikulowa ndi kutuluka mpaka dzuwa kupendeka. Alamu anati masiku oyamba ankaopa kuti mng'ono wawo mutu wasokonekera, ndiye ankabwera kudzakhala naye. Sankalankhulana zambiri. Patapita miyezi anayambanso kuseka, kupita kukwaya, kuchereza alendo, koma chizolowezi chokhala pakona paja sanachisiye mpaka miyendo inamukanika. Madzi atasefukira chaka china dimba lonse linamira, koma konayo ndi yokwera, mpasi zinapulumuka, ndipo iye anabwera kunyumba kwa alamu kudzanena zimenezo ngati wamva uthenga wa chinkhoswe.

Ndinawerenga zaka mumtima. Mwana uja akanakhala moyo bwenzi ali ndi ana ake akuluakulu. Zaka zonsezo ndinkadya ndi mkazi wanga mbale imodzi, ndinkamusokera madiresi, tinkacheza za ana ndi za mvula, ndipo ndinkadziona ngati mwamuna wodziwa mkazi wake. Za mwanayo sitinakambiranepo chiikireni maliro. Ine ndinkati ndikayambitsa ndimukumbutsa. Ndinafunsa alamu chifukwa chimene sanandiuzire za mpasizo.

"Kaya. Mwina ankati museka. Mwinanso munali musanafunse kuti kudimba amakachedwa ndi chiyani."

Ananena mopanda mkwiyo, akusenda chinangwa. Atatha kudya anatenga kheni yawo n'kupita kukathirira.

Masabata otsatira ndinkamaliza kuthirira n'kukakhala pakona paja. Ndinafukula pang'ono pamene ndinaponda kuti ngati tinjuchi tamoyo tilipo tipeze potulukira. Fungo la palafini linakhala masiku ambiri. Nyerere zinabwera, zinalowa, zinatuluka zitanyamula tizidutswa takuda. Alamu ataona nyererezo anapukusa mutu, anati chisa chamoyo sichilola nyerere. Ndinaganizapo zokumba kuti ndione chimene chinali pansipo, mwinanso kulawa uchi umene mkazi wanga anausunga osaulawa, koma anati ukhala wonunkha palafini, ndingodzipweteka mtima. Sindinakumbe.

Tizilombo tokhala tokhatokha tija tinabwerera pang'onopang'ono. Kumapeto kwa Ogasiti m'mphepete mwa mabedi munayambanso kuoneka timilu ta dothi, poyamba tiwiri, kenako khumi. Ndinaphunzira kuthirira mozemba kuti madzi asalowe m'mabowo. Maso anga okanika singano aja ankatha kusiyanitsa kanjuchi kaubweya ndi kavu kowonda, bola ndikhale pafupi ndipo ndisafulumire. Nthawi ndinali nayo yambiri. Masiku ena alamu ankabwera kudzaima pambali panga, n'kufunsa kuti lero zalowa mbozi zingati, ndipo ndinkawauza. Macheza athu ankathera pomwepo, koma ndinkapita kunyumba nditalankhulako.

Maungu anayanga bwino, nkhwani zinali zobiriwira, maluwa anachita chikasu dimba lonse. Koma timaungu tikangofika ngati dzira la nkhuku tinkachita chikasu n'kuthothoka. Kaya chinali chifukwa cha zimene ndinapha, kaya kutentha kwa chaka chimenecho, sindingalumbire. M'dimba mwa alamu ankagwira ndithu, ngakhale anati si monga zaka zina. Iwo ndi amene anandionetsa chochita, chimene anaphunzira kwa alangizi kalekale. Duwa la dzungu lili pawiri, lina lili ndi kamimba kunsi kwake, lina lili pa kamtengo kowonda chabe. Umathyola lopanda kamimbalo m'mawa maluwa akangotseguka, umachotsa masamba ake achikasu, n'kutsala kamutu kokhala ndi ufa, ndipo kamutuko umakakhudzitsa m'kati mwa duwa lokhala ndi kamimba. Dzuwa likakwera maluwa amatseka, mwayi wa tsikulo watha. Anandionetsa kawiri, kachitatu ndinachita ndekha. Anati manja anga ndi opepuka, ntchitoyi indiyanja. M'zaka zonse zimene ndinakhala pamudzi pano, ndi mawu okhawo ondiyamikira amene ndinamva kwa iwo.

M'mwezi wa Okutobala alamu anayamba kudandaula chizungulire. Tsiku lina anagwa pachitsime, mwamwayi ndinalipo, ndinawakweza panjinga n'kuwakankha mpaka kuchipatala chaching'ono. Achipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Mwana wawo wamkazi amene amakhala ku Liwonde anabwera n'kunena kuti sangawasiyenso okha. Iwo anakana masiku awiri, lachitatu anavomera. Katundu wawo ndinanyamula ine panjinga mpaka pamsewu wa tala: thumba la mpunga, chikwama cha zovala ndi mpando umodzi wa ndalema. Podikira minibasi anandiuza kuti dimba lawo ndizithirirako ngati mphamvu zilipo, ngati palibe ndilisiye. Anatinso ndiziyang'ana pachulu paja mwezi uliwonse, matope akang'ambika ndizimata, chifukwa mavu amakonda kubwerera pamene anakhalapo. Minibasi itafika kondakitala anawakankhira m'kati mwachangu, sitinatsanzikane bwino. Ndinaona chitenje chawo chokha pawindo.

Kuyambira pamenepo kumunsi kuja ndinkakhala ndekha kuyambira m'mawa mpaka masana. Asodzi ankadutsa panjinga ndi madengu a matemba kuchokera kudooko, ena ankakweza dzanja. Ndinkathirira madimba awiri, kenako n'kuyenda m'maungu chowerama, duwa ndi duwa. Masiku ena ndinkapeza okhala ndi kamimba atatu, masiku ena osapeza ngakhale limodzi. Amene ndawakhudza ndinkawamangirira kansalu, zotsala za ku ntchito yanga yakale, kuti ndidziwe ngati agwira. Ambiri anagwira.

Mvula yoyamba isanagwe ndinathyola maungu okhwima khumi ndi anayi m'dimba mwanga, ndi asanu ndi atatu mwa alamu. A alamuwo ndinawatumiza ku Liwonde kudzera kwa mayi wina wogulitsa nsomba zouma amene amapitako Lachisanu. Anga ndinawaunjika pakhonde, n'kuona kuti munthu mmodzi sangawathe. Ndinawaika m'dengu la panjinga, ndinayenda nyumba ndi nyumba kwa abale a malemuyo. Kwa achimwene ake ndinapeza akazi awo akupeta mpunga, analandira ndi manja awiri, anadabwa kuti ndalima ndekha, anandipatsa mpando ndipo ndinakhalako pang'ono. Anati amva kuti miyezi yapitayo ndinalumidwa ndi mavu, bwanji osanena. Ndinati zinali zazing'ono. Nyumba zina ndinapeza kotseka, anthu ali kumunda kokonza mizere, ndiye ndinkasiya dzungu pakhonde n'kuika mwala pambali kuti lisagubuduke.

Ndinasunga awiri. Madzulo amenewo ndinadula limodzi, ndinaphika theka, linali lotsekemera, la ufa. Theka linalo ndinalivundikira ndi mbale kuti ndiphike mawa lake, koma kunali kotentha kwambiri, ndipo pofika m'mawa linali litayamba kuterera. Ndinachotsa nthanga zake, ndinazitsuka, ndinaziyanika padenga la khitchini, zotsalazo n'kupatsa nkhuku.